Kadontho Apenta Chipinda cha Akwati

Mutu 5

1. Lamulo la khoma

Kuseri kwa sitolo ya zitsulo kunali kachipinda ka malata komwe Mayi Makwerero ankasungira zida zawo. Munkanunkha penti mpaka m'maso kuyabwa. Zitini zinali zosanjikizana mpaka kudenga, ndipo mabulashi anali lendelende pamisomali.

Mayi Makwerero anali wopenta nyumba wodziwika m'dera lonselo. Dzinali anawapatsa ndi anthu, poti sikawirikawiri ankawaona ataponda pansi. Ankaphunzitsa ntchitoyi atsikana asanu, onse oti anabereka asanakwatiwe. Anali ndi dongosolo lawo: tsiku lililonse mtsikana mmodzi ankatsala n'kumalera ana onse, enawo n'kupita kokapenta, ndipo wotsalayo ankalandira mofanana ndi anzake.

Wamng'ono pa onse anali Kadontho. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, komanso mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi iwiri. Dzina lakelo musalifunse kawiri. Tsiku lake loyamba pantchito anadonthezera penti pa galu wa eni nyumba, ndipo galuyo anayenda ndi dontho loyera pamsana mwezi wathunthu.

Kadontho ankakhala kwa mkulu wake. Iye ndi mwana ankagona m'kachipinda kosungira katundu, pakati pa njinga ndi matumba a makala. Alamu ake sankanena kanthu, koma mwana akalira ankamenyetsa chitseko. Zimenezi zinkamupweteka mtima, ndipo ankalakalaka atapeza chipinda chakechake.

Lachinayi limeneli linali tsiku la mayeso ake. Anayenera kupenta chipinda chimodzi yekha, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akakhoza, Mayi Makwerero anali atalonjeza kumupatsa zida zakezake ndi kuyamba kumutumizira makasitomala. Akalephera, ndiye kuti miyezi ina isanu ndi umodzi yonyamulira anzake zitini.

Asananyamuke, anamukhazika pachitini chopanda kanthu.

"Mwana wanga, khala apa undimvere," anatero Mayi Makwerero. "Penti ndi wosavuta, koma sakhululuka. Ukayamba khoma, ulimalize likadali lonyowa. Ukalisiya pakati, kaya wakuitana ndani, kaya foni ikulira, pomwe walekerapo pamauma. Ukabwera kudzapitiriza, pamatsala mzere. Mzere umenewo ungaupake kawiri kapena katatu, dzuwa likawomba umaoneka ndithu, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo amadziwa kuti wopenta wake anasiyira panjira. Ine ndaphunzitsa atsikana ambiri. Amene analephera sikuti manja awo anali oipa ayi. Wina anamuitana mwamuna wamalonjezo. Wina anachita manyazi ndi ovolosi. Wina anaona kuti kupempha n'kwachangu kuposa kugwira ntchito. Thandizo si loipa, ngakhale ine anandithandiza ndi anthu. Koma uziyamba wayang'ana chimene dzanja lokupatsalo likufuna kuti usiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Kadontho anavomera ndi mutu. Analandira kapepala kolongosola njira, anayamwitsa mwana, n'kumusiya m'manja mwa Wailesi, yemwe linali tsiku lake lolera ana.

2. Geti lobiriwira

Kapepalako kanati adutse sukulu, akhotere kumanja, awerenge mageti atatu. Atadutsa sukulu, miyendo inayamba kulemera. Atakhota, ndowa ya zida inamulemeranso. Geti lachitatulo, lobiriwira, ankalidziwa bwino.

Chaka chathachi anaima pomwepo ndi azakhali ake, mimba itayamba kuonekera. M'nyumbamo ndi momwe ankakhala mnyamata amene anam'patsa mimbayo. Tsiku limenelo geti silinatsegulidwe. Mayi a mnyamatayo analankhulira pakabowo, amvekere mwana wawo anapita kukaphunzira kutali ndipo sadziwa mtsikana wina aliyense. Mnyamatayo anasintha nambala ya foni sabata yomweyo. Kuchokera apo, ngakhale thewera limodzi silinatuluke pageti limeneli.

Mayi Makwerero sankaidziwa nkhani ya nyumbayi. Kadontho sanawauzepo. Akanatha kubwerera n'kukawafotokozera, koma sabata imeneyo kunalibe chipinda china choti ayesedwere. Anaima kanthawi, akuyang'ana njira yomwe anadzera. Kenako anavala chipewa, anaphimba mphuno ndi pakamwa ndi masiki, n'kugogoda. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anatsegula ndi mtsikana wantchito. Anati mayi a nyumba atuluka, abwera masana, ndipo penti ali kale m'chipinda. Ali m'njira yolowera, wantchitoyo anawonjeza nkhani yomwe sanafunsidwe. Chipindacho chinali cha mnyamata uja, mwana wa abwana, yemwe ankakwatira Loweruka lomwelo, ndipo akwatiwo adzayamba akhala momwemo. N'chifukwa chake ntchito inali yachangu.

Abale inu, dziko ili lilibe chisoni! Kadontho anagwira chitseko kuti asagwe. Wantchitoyo anaganiza kuti ndi fungo la penti, ndipo anapita kukamutengera madzi.

M'chipindamo munali bedi lokha, atalikankhira pakati. Kadontho analifunditsa pulasitiki, n'kuyala manyuzipepala pansi. Anamata tepi m'mbali mwa zenera ndi pamaswitchi. Anazula misomali yakale, n'kutseka mabowo ndi ming'alu.

Pafupi ndi chitseko anapeza timizere ta pensulo, tokwera m'mwamba ngati makwerero. Pakamzere kalikonse panalembedwa zaka: ziwiri, zitatu, zisanu, mpaka khumi ndi ziwiri. Apa ndi pomwe makolo ankamuyezera mwana wawo msinkhu akamakula. Kadontho anagwada n'kuyang'ana kamzere kapansi penipeni. Misozi inalengeza. Anaipukuta ndi mkono wa ovolosi, anatenga sandipepa, n'kukwecha timizere tonse mpaka khoma linasalala.

Pomwe dzuwa linkafika pamutu, makoma onse anayi anali atapakidwa koyamba.

3. Malangizo a Wailesi

Masana Wailesi anabwera ndi mwana kudzayamwa, ana enawo atawasiya akugona kwa amayi ake. Mwana salowa m'chipinda cha penti, ndiye anakhala kunja kwa geti, pansi pa mtengo. Wailesi anali mtsikana wokoma mtima, koma pakamwa pake panalibe chozimitsira.

Kadontho atamuuza nyumba yomwe ankapentayo, Wailesi anadzuka n'kukhalanso pansi. Anayamba ndi kutukwana geti. Kenako anapereka nzeru zake motsatizana. Yoyamba inali yoti Kadontho athire penti yense pabedi la akwati. Yachiwiri inali yoti alembe dzina la mwana pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. Yachitatu, atapuma pang'ono, inali yoti angosiya zonse athawe, poti Mayi Makwerero ndi munthu, amvetsa.

Kadontho anaseka koyamba tsiku limenelo. Anati penti ndi wodula, bedi silinamulakwire, ndipo kuthawa anathawa kale chaka chatha, sikunam'patse kanthu.

"Ndiye ukabwereramo?" anafunsa Wailesi.

"Kwatsala kupaka kachiwiri," anayankha Kadontho, akumubweza mwana. "Ubwere nayenso ikamakwana folo."

4. Envulopu

Kupaka kachiwiri ndiye kumaonetsa mmisiri. Kadontho anayamba ndi bulashi m'makona, kenako rola. Khoma loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Penti wake anali wachikasu chofewa, ndipo chipinda chinayamba kuwala. Thukuta linali kamukamu, masiki atanyowa moti anawatsitsira pachibwano kuti apume bwino.

Anali pakati pa khoma lachinayi, loyang'anizana ndi zenera, pomwe chitseko chinatseguka. Analowa mayi a nyumba atanyamula zikwama zokagula. Anayamba ndi kuyamikira, amvekere ntchito ndi yaukhondo kuposa ya amuna omwe anapenta pabalaza. Kadontho anatembenuka kuti alonjere. Zikwama zija zinagwa pansi.

Mayiwo anasuzumira panja, n'kutseka chitseko. Anafunsa monong'ona kuti wamutuma ndani komanso akufuna chiyani. Kadontho anayankha kuti wamutuma ndi Mayi Makwerero, ndipo akufuna kumaliza khoma. Anaviika rola m'penti n'kupitiriza.

Mayiwo anatuluka. Pasanathe mphindi zitatu anabwerera ndi envulopu yonenepa, n'kuiika pabedi.

"Tamvera iwe mwana," anatero. "Ine ndine mayi, ndikudziwa kuti kulera wekha n'kowawa. Zomwe zinachitika zinachitika, madzi akatayika saoleka. Mu envulopu umu muli zokwanira kuti upeze chipinda chabwino, ugule bedi, mwana umugulire zovala. Mwezi uliwonse ndizikutumizira zina, osadziwa munthu. Mtsikana wooneka bwino ngati iwe n'kumakwera makwerero, manja ali penti yekhayekha, anthu amakuseka, sukudziwa? Siya zimenezi uzikhala pakhomo. Ndikungokupempha zinthu ziwiri. Utuluke pompano, mkwatibwi asanafike ndi makatani ake. Ndipo dzina la nyumba ino usadzalitchule kwa wina aliyense, ngakhale kwa mwanayo. Khomali ndipeza wina amalize mawa."

Tisanamizane, envulopu ija inali yokopa. Kadontho anaiyang'ana, ndipo dzanja lake linaima m'malere. Anakumbukira matumba a makala ndi chitseko cha alamu ake. Chipinda chomwe ankachilakalaka chinali pabedipo, pamtunda wa mapazi atatu okha.

Atabweza maso kukhoma, anaona kuti m'mphepete momwe analekera mwayamba kuchita mbuu. Pankauma.

"Amayi, mundikhululukire," anatero. "Khoma silisiyidwa pakati. Ndikuyankhani ndikamaliza."

Anaviika rola mwachangu n'kudutsa pomwe pankaumapo pasanalimbe. Mayiwo anapitiriza kulankhula. Anachonderera, anaopseza kuti aimbira Mayi Makwerero, anafika ponena kuti aitana apolisi. Rola inkangopita m'mwamba n'kubwera pansi, m'mwamba n'kubwera pansi, mpaka inafika pakona.

5. Yankho

Kadontho anaika rola m'ndowa ya madzi, anapukuta manja, n'kuima mwaulemu.

"Amayi, envulopuyo sinditenga. Malipiro a ntchito yanga mukapereka kwa Mayi Makwerero monga munagwirizana. Za mwana, sindikana thandizo, chifukwa si langa, ndi lake. Ali ndi bambo, ndipo bamboyo ayenera kumusamala. Koma zimenezo tikakambirane masana, pamaso pa azakhali anga ndi akuluakulu a kwanu, ndipo zikavuta tikapite ku ofesi yoona za ana. Zobisa ayi. Lero mwandipatsa, mawa mukakwiya mudzasiya, ine ntchito nditaisiya kale. Ndidzalira kwa ndani?"

Mayiwo anati ndi wamwano, ndipo adzanong'oneza bondo.

Kadontho analoza pafupi ndi chitseko. "Pamenepo panali timizere tomwe munkamuyezera mwana wanu. Ndatikwecha ine m'mawa uno. Mwana wanga alibe khoma loti ndizimuyezerapo. Ndikufuna ndimupezere ndi manja angawa, kuti pasadzapezeke wolikwecha."

Mayiwo anayang'ana pakhomapo. Panali posalala, pachikasu, popanda kanthu. Anatola zikwama zawo n'kutuluka, envulopu n'kuisiya pabedi pomwepo.

Kadontho anamatula tepi, anapinda manyuzipepala, n'kutsuka mabulashi pampopi wa kuseri. Envulopu ija anaigwira ndi zala ziwiri, n'kuiika pazenera pomwe aliyense akanaiona.

6. Kuyesa khoma

Mayi Makwerero anafika itangotsala pang'ono folo. Foni yodandaula ya mayi a nyumba anali atailandira ali m'njira, ndipo nkhope yawo sinkaonetsa mbali yomwe ali. Sanalonjere zambiri. Anatsegula zenera lonse kuti dzuwa lilowe, n'kuyamba kuyendera makoma. Anayang'ana m'makona, anawerama kuona m'munsi, anasuzumira kuseri kwa chitseko. Pakhoma lachinayi anakhalitsa. Anatsamiritsa tsaya pafupi ndi khoma n'kuyang'ana chammbali, monga amachitira amisiri pofuna mzere.

Kadontho anaima pambali, akudikira.

"Apa unaima," anatero Mayi Makwerero, akuloza pakati pa khoma.

"Ndinaima pang'ono, amayi."

"Koma unabwerera pasanaume." Anawongoka. Maso awo anagwera pa envulopu ya pazenera, kenako pa Kadontho. Anamufunsa za nyumbayi, ndipo iye anawauza zonse mwachidule.

Mayi Makwerero anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anati: "Ndikanadziwa sindikanakutuma kuno, ndipo upepese mtima wako m'malo mwanga. Koma mvetsa izi. Usaganize kuti wapambana chifukwa wakana ndalama. Kukana kokha sikudyetsa mwana. Wapambana chifukwa wamaliza ntchito, ndipo wanena poyera chimene mwana wako ayenera kulandira. Mawa upite kwa azakhali ako, nkhaniyi isagone. Ukachita ulesi, ine ndemwe ndidzakukokera ku ofesiko. Mtsikana wodzidalira si amene amasenza zonse yekha ngati bulu ayi. Ndi amene amagwira ntchito yake, n'kukakamiza enanso kuti agwire yawo."

Atatero anatenga ndowa ija, momwe munali mabulashi atatu, rola ndi mpeni wokwechera, n'kuiika m'manja mwa Kadontho. Anati makwerero aang'ono akatenge mawa kuchipinda cha zida, ndipo Lolemba kuli sitolo ya mankhwala yofuna kupentedwa kutsogolo. Anawonjeza kuti ngati kuli galu, amumangirire kaye.

Kadontho anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anakumbatira ndowa ija ngati mwana. Anali wosangalala, ndipo sanabise.

7. Pageti

Kunja kwa geti Wailesi anali atafika kale, mwana ali m'manja. Ataona ndowa, anayamba kuvina pamsewu pomwepo, mwana akuseka.

Nthawi yomweyo panaima galimoto. Munatuluka mtsikana wamtali, wa nkhope yansangala, atakumbatira makatani atsopano. Anali mkwatibwi. Ataona ovolosi ya Kadontho, anafunsa ngati ndi iyeyo wapenta chipinda chawo, ndipo anathokoza kuti wamaliza pa nthawi yake. Ankaoneka kuti sadziwa kanthu, ndipo Kadontho anamumvera chisoni.

Kenako mkwatibwi anaona mwana. Anapatsira Wailesi makatani, n'kupempha kuti amunyamuleko. Anamuseweretsa, anamugwira timasaya, n'kumuvula kachipewa poti kunkatentha. Apo kuseka kwake kunazilala.

Pamwamba pa mphumi ya mwanayo panali kagulu ka tsitsi loyera, kakang'ono ngati chala. Mwanayo anabadwa nako. Bambo wake nayenso ali nako, pamalo omwewo, ndipo mkwatibwi ankakadziwa kuposa wina aliyense.

Anayang'ana mwana, anayang'ana Kadontho. Pakhonde, mayi a nyumba anali ataima, envulopu ija ili m'manja, akupukusa mutu pang'onopang'ono mochonderera. Ngakhale Wailesi, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anatseka pakamwa.

"Achemwali," anatero mkwatibwi ndi mawu otsika, "mundiuze zoona. Bambo wa mwanayu ndi ndani?"

Kadontho anaika ndowa yake pansi kuti amuyankhe mosabisa.